Foni kapena kamera? Mkanganowu ndi wakale kuposa foni

Sabata ino tiyeni tipumeko pa ndakatulo, tikambe za zithunzi.

Munthu akapezako kandalama n'kumafuna kuyamba kujambula, funso lake limakhala limodzi: ndigule foni yabwino kapena kamera yeniyeni? Mukafunsa anthu khumi, asanu akuuzani kuti kamera inatha ntchito kalekale. Asanu enawo akuuzani kuti wojambula ndi foni si wojambula ayi, ndi munthu woti ali ndi foni basi. Mukamvera onsewo mutsala pakati, ndipo paja mapanga awiri avumbwitsa.

Ine ndikuti tiyambe tafunsa mbiri. Mkangano wa chida chachikulu chojambula bwino ndi chida chaching'ono chosavuta kunyamula wachitika kangapo m'zaka zoposa 160 zapitazi. Pafupifupi ulendo uliwonse chaching'onocho chinapambana, ndipo ulendo uliwonse opambanawo analipira kanthu kena kamene sanakaone pa tsiku logula.

Tiyambire pafupi, pa Zambezi. Mu 1858 boma la Britain linatumiza David Livingstone kudzafufuza mtsinjewu, ndipo ntchito yojambula zithunzi inapatsidwa kwa mng'ono wake, Charles Livingstone. Njira yapamwamba ya nthawi imeneyo inali yojambula pa galasi. Wojambula amapaka galasilo mankhwala, n'kulilowetsa m'kamera likadali lonyowa, n'kujambula, n'kulitsuka pomwepo lisanaume. Zonsezi zimafuna tenti yamdima, mabotolo a mankhwala, madzi oyera ndi mabokosi a magalasi. Tangoganizani kuchita zimenezi m'kutentha kwa ku Tete kapena ku chigwa cha Shire, malungo ali m'thupi. Zithunzi za Charles zimene zinapulumuka n'zochepa kwambiri.

Pa ulendo womwewo panali John Kirk, dokotala komanso katswiri wa zomera, yemwe uja mapiri a Kirk Range anatengera dzina lake. Iye ntchito yake sinali yojambula, koma ananyamula kamera yakeyake ndipo amagwiritsa ntchito makamaka mapepala opakidwa phula. Mapepala amenewa samatulutsa chithunzi chakuthwa ngati galasi, komanso amafuna kuti chojambulidwacho chikhale phee kwa nthawi yaitali, n'chifukwa chake Kirk anajambula kwambiri mitengo, nyumba ndi mabwato. Koma pepala silisweka, sililemera, ndipo umatha kulikonzeratu. Zithunzi zake zilipo mpaka lero, ndipo zili m'gulu la zithunzi zoyambirira za dera la Zambezi. Njira yonyozekayo ndi imene inafika nazo zithunzi kwawo.

Patapita zaka 30, mu 1888, George Eastman wa ku Rochester ku America anatulutsa kabokosi kotchedwa Kodak. Mtengo wake unali madola 25, ndipo kamabwera ndi filimu yokwana zithunzi 100 ili m'kati kale. Ukamaliza, umatumiza kamera yonseyo ku fakitale, iwo n'kutsuka zithunzi, n'kuikamo filimu yatsopano pa madola 10, n'kukubwezera. Lonjezo la kampaniyo linali lakuti iwe ntchito yako n'kudina batani, zotsalazo achita okha. Mu 1900 anatulutsanso Brownie, ya dola imodzi yokha, yoti ngakhale mwana ajambule.

Akatswiri a nthawi imeneyo, a makamera aakulu a miyendo itatu ndi nsalu yakuda kumutu, anaona ngati ntchito yawo yalowa chibwana. Zodandaula zawo n'zimene timamva lero zokhudza foni: aliyense wasanduka wojambula, anthu akungojambula zilizonse, ena akujambula anzawo osapempha. Koma mabanja amene sakanakwanitsa kupita ku situdiyo anayamba kukhala ndi zithunzi za ana awo akusewera pabwalo, ndipo zimenezi palibe katswiri akanaziletsa.

Nkhaniyi inabwerezanso mu 1925 pamene kampani ya Leitz ku Germany inayamba kugulitsa Leica. Anaipanga ndi Oskar Barnack, munthu wodwala chifuwa cha mphumu yemwe amavutika kunyamula zida zolemera. Iye anatenga filimu ya kanema ya 35 mm n'kuiika m'kakamera kolowa m'thumba la jekete. Ambiri ojambulira nyuzipepala poyamba anaikayikira, poti kachithunzi ka 24 mm ndi 36 mm kanali kakang'ono zedi poyerekeza ndi zimene anazolowera. Patapita zaka makumi angapo, saizi imeneyi ndi imene inasanduka ya akatswiri. Mpaka lero kamera yodula imene amaitcha full frame imatanthauza sensa ya saizi yomweyo ya Barnack. Choncho chida chimene anthu akuchitcha "kamera yeniyeni" lero ndi mdzukulu wa kachida kamene kanasekedwa dzana.

Apa wina anena kuti basi nkhani yatha, tigule foni. Dikirani kaye, chifukwa lonjezo la Eastman lija linali ndi mbali ina. Ukavomera kuti zotsalazo achite ena, wavomeranso kuti enawo ndi amene asankhe mmene nkhope yako ionekere.

Tsegulani alubamu yakale ya kunyumba kwanu, ya zithunzi zamakala zimene amajambula akameramani oyenda pa njinga m'masukulu ndi m'maukwati, aja mumadikira sabata ziwiri kuti akatsukitse ku tauni. Mupezamo zithunzi zimene diresi loyera laoneka bwinobwino, maluwa aoneka, koma nkhope ya mwini diresiyo ndi mdima, mukungoona mano ndi maso. Ambiri timaganiza kuti kameramaniyo anali wosadziwa ntchito. Nthawi zina zinalidi choncho, koma vuto lina linali m'filimu mwenimwenimo ndi m'makina otsukira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, malo otsukira zithunzi amalinganiza makala a makina awo pogwiritsa ntchito khadi la Kodak lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, limene linadziwika ndi dzina loti Shirley. Khungu la mayi ameneyu likatuluka bwino, makinawo amati ali bwino. Khungu lathu silinali pa muyezo.

Wofufuza wina wa ku Canada, Lorna Roth, analemba kuti chimodzi mwa zinthu zimene zinakankha Kodak kukonza maonekedwe a zinthu zofiirira chinali madandaulo a makampani a chokoleti ndi a mipando yamatabwa, omwe amati katundu wawo sakusiyanitsika bwino pa zithunzi zotsatsira malonda. Mwamva? Chokoleti ndi thabwa zinamveka msanga kuposa anthu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Jean-Luc Godard, wopanga mafilimu wa ku France, ataitanidwa ku Mozambique, zimanenedwa kuti anakana filimu ya Kodak ponena kuti ndi yatsankho. Mfundo imeneyi tiisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Tsopano tifike pa digito. Mu 1975 injiniya wina wachinyamata wa ku Kodak komweko, Steven Sasson, analumikiza zipangizo n'kupanga kamera yopanda filimu. Imalemera makilogalamu pafupifupi 3.6, chithunzi chake chinali cha madontho 10,000 okha, chopanda makala, ndipo chimatenga masekondi 23 kuti chilembedwe pa kaseti. Mabwana ake anachiona koma sanachithamangire. Pambuyo pake Kodak inadzagulitsa makamera a digito ambiri ndithu, koma phindu lake lenileni linali pa filimu, mankhwala ndi mapepala osindikizira. Anthu akasiya kutsukitsa zithunzi, nkhokwe yonseyo yapsa.

Pa 11 June 1997, ku California, Philippe Kahn ali ku chipatala kudikira kuti mkazi wake achire, analumikiza kamera ya digito, laputopu ndi foni yam'manja, n'kutumiza chithunzi cha mwana wakhandayo kwa abale ndi anzake pafupifupi 2,000. Chithunzicho chinali chosaoneka bwino kwenikweni, koma chinafika mwanayo asanakwanitse tsiku. Mu November 2000 ku Japan kunatuluka foni ya Sharp J-SH04 yokhala ndi kamera kumbuyo, ya madontho 110,000, ndipo munthu amatha kutumiza chithunzi kuchokera pa foni yomweyo. Mu 2007 Nokia N95 inabwera ndi ma megapixel 5, ndipo chaka chomwecho iPhone yoyamba inatuluka ndi ma megapixel 2.

Zotsatira zake zikuoneka pa manambala a bungwe la makampani opanga makamera la ku Japan, CIPA. Mu 2010 makampaniwa anatumiza ku misika makamera a digito oposa 120 miliyoni. Mu 2023 sanakwane 8 miliyoni. Amene anafa kwambiri ndi timakamera ting'onoting'ono ta m'thumba tija tinkaoneka pa ukwati uliwonse, poti ntchito yake yonse foni inalanda. Mu January 2012 Kodak inakapempha chitetezo ku khoti chifukwa cha ngongole. Mu April chaka chomwecho Facebook inagula Instagram, kampani ya antchito 13 okha, pa madola 1 biliyoni. Ndalama zinali zitasamuka, kuchoka pa kutsuka zithunzi kupita pa kuzionetsa.

Nanga foni inapambana chifukwa chojambula bwino? Ayi ndithu, m'zaka zimenezo kamera yotchipa imaiposa kutali. Inapambana chifukwa imakhalapo. Pa 7 July 2005 mabomba ataphulika m'sitima zapansi panthaka ku London, zithunzi zoyamba za m'ngalandemo zinachokera pa mafoni a anthu amene amathawa. Pa 15 January 2009 ndege itatera pa mtsinje wa Hudson ku New York, chithunzi chimene chinazungulira dziko anajambula ndi munthu amene anali m'boti, pa iPhone, n'kuchiponya pa Twitter atolankhani asanafike. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Kamera ya mamiliyoni imene yatsala m'kabati singajambule mwana akuyamba kuyenda.

Koma ena anapitirira nayo muyezo mfundoyi. Mu May 2013 nyuzipepala ya Chicago Sun-Times inachotsa ntchito ojambula ake onse 28, kuphatikizapo John H. White yemwe anapatapo mphoto ya Pulitzer, ndipo inayamba kuphunzitsa atolankhani olemba kujambula ndi iPhone. Owerenga sanachedwe kuyerekeza masamba ake ndi a nyuzipepala inzake ya mumzindawo, makamaka pa zamasewera, ndipo kusiyana kunaonekeratu. Pambuyo pake ena mwa ojambulawo anaitanidwanso. Nyuzipepalayi inataya zinthu ziwiri nthawi imodzi: zida zotha kufika pamene foni sifika, ndi maso a anthu odziwa poima.

Tinene za zidazo, poti apa palibe matsenga. Chithunzi ndi kuwala kumene kwagwidwa. Sensa ili ngati beseni lotchera madzi a mvula: lalikulu litchera ambiri. Sensa ya full frame ndi 36 mm ndi 24 mm. Sensa zazikulu kwambiri za m'mafoni odula zimazungulira pa 13 mm ndi 9 mm, kutanthauza kuti ya kamerayo ndi yaikulu kuposa kasanu ndi kawiri, ndipo mafoni ambiri amene tili nawo m'matumbamu sensa zake sizifika n'komwe pamenepo. Musanyengedwe ndi nambala ya ma megapixel yolembedwa pa katoni. Kugawa kabeseni kakang'ono m'zigawo 50 miliyoni sikuonjezera mvula. N'chimodzimodzinso ndi lenzi. Kuti ujambule wosewera mpira ali kutsidya kwa bwalo, kapena nkhwazi ili pamwamba pa mtengo ku Liwonde, pamafunika galasi lalitali, ndipo galasi lalitali silikwana m'chinthu chopyapyala ngati bisiketi.

Ndiye foni imatani kuti zithunzi zake zizioneka bwino chonchi? Imawerengera. Mukadina kamodzi, foni imajambula zithunzi zingapo motsatizana, n'kuziphatikiza, n'kuchotsa timadontho ta mdima, n'kuwalitsa nkhope, n'kusalaza khungu, n'kuzimiriritsa kumbuyo, zonsezi musanaphethire. Mu 2018 Google inaonetsa mphamvu ya njira imeneyi ndi Night Sight, yojambula usiku popanda fulashi. Lonjezo la Eastman lija lakwaniritsidwa mopitirira: fakitale yonse ya ku Rochester tsopano ili m'thumba mwanu.

Ndipo funso la Shirley labwereranso: amene akuchita zotsalazo akuona ndani? Pano zinthu zinasinthako. Transsion, kampani ya ku China yopanga Tecno, itel ndi Infinix, inakula mu Africa muno mwa zina chifukwa chokonza makamera a mafoni ake kuti azitulutsa bwino khungu lakuda. Mu 2021 Google nayo inabweretsa Real Tone pa Pixel 6 ndi cholinga chomwecho. Izi n'zabwino. Komabe mafoni ambiri amabwera atatsegulidwa kale zosalaza ndi kuyeretsa nkhope, moti agogo amatuluka opanda khwinya, mwana wakuda bii amatuluka wofiirira. Chisankho wapanga ndi munthu wina kutali, inu mwangodina.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha mwezi. Mu March 2023 munthu wina anatenga chithunzi cha mwezi, n'kuchizimiriritsa dala pa kompyuta mpaka mabanga ake osaoneka, kenako n'kujambula sikirini ya kompyutayo ndi foni ya Samsung. Foniyo inatulutsa mwezi wokhala ndi mabanga ake bwinobwino, zinthu zimene pa sikirinipo panalibe. Samsung inafotokoza kuti foni ikazindikira mwezi imagwiritsa ntchito nzeru za makina zophunzitsidwa ndi zithunzi za mwezi kuti ionjezere tsatanetsatane. Pa mwezi palibe amene wavulala. Koma kwa munthu amene akujambula umboni, kapena nkhope ya mayi ake kuti adzukulu adzaione mmene inalili, chikomekome cha mkuyu chimenechi n'chofunika kuchiganizira. Kamera nayo imakonzako chithunzi, koma imakupatsani mpata wosunga chimene sensa inaona n'kusankha nokha zochita nacho.

Patsala chinthu chimodzi chimene mbiri imatiphunzitsa, ndipo pa ichi tibwerere kwathu ndi m'mbuyo pang'ono. Ku Blantyre Mission kunali Mungo Murray Chisuse, katswiri wosindikiza mabuku yemwe anakafikako ku Scotland, ndipo amadziwika ngati mmodzi mwa Amalawi oyamba kugwira ntchito yojambula zithunzi. Iye ndi amene anajambula zina mwa zithunzi za John Chilembwe, banja lake ndi anthu a mpingo wake. Boma la atsamunda linagwetsa tchalitchi cha ku Mbombwe pambuyo pa kuukira kwa mu 1915, koma zithunzizo zinatsala, chifukwa zinali pa pepala, m'manja mwa anthu osiyanasiyana. Zaka zoposa 100 zapita ndipo tikuzionabe.

Ife timajambula zithunzi zambiri pa Khirisimasi imodzi kuposa zimene agogo athu anajambulitsa moyo wawo wonse. Koma zili kuti za 2012? Zinapita ndi foni imene inabedwa m'minibasi, memore khadi imene inangoti yafuna kufomatidwa, akaunti imene pasiwedi yake tinaiwala. Zimene zinapulumuka ndi zija tinatumizirana pa WhatsApp, zomwe zinafinyidwa kuti zisadye bando, moti mukafuna kusindikiza chachikulu choika pa chipupa nkhope imangosweka timabokosi. Mabanja ambiri amazindikira zimenezi pa tsiku loipa, akufuna chithunzi choika pa pulogalamu ya maliro. Vuto ili silisankha chida. Wa kamera naye akangosiya zonse pa laputopu imodzi, tsiku lina adzalira chimodzimodzi.

Tsono tiyankhe funso lija. Ngati zithunzi zanu ndi za moyo wa tsiku ndi tsiku, ana, maulendo, katundu wa bizinesi woika pa sitetasi, gulani foni ya kamera yabwino ndipo musachite nayo manyazi. Kirk, Eastman ndi Barnack ali kumbali yanu. Ingolowani m'masetingi muzimitse zosalaza nkhope, muphunzire kuimika munthu poyang'ana kumene kuwala kukuchokera, ndipo muzipukuta kagalasi ka kumbuyoko.

Ngati mukufuna kujambula zakutali, zothamanga, za m'tchalitchi kapena m'holo mopanda kuwala kokwanira, kapena mukufuna kuti anthu azikulipirani pa ukwati ndi pa chinkhoswe, pamenepo kamera ikadali ndi malo ake, ndipo yogwiritsidwapo kale ntchito imakwanira kuyambira. Koma muwerengere zonse: lenzi, batire yachiwiri, makhadi, fulashi, kompyuta yokonzera zithunzi, ndi miyezi yophunzira. Kamera imakubwezerani zisankho zimene foni inakulandani, ndipo zisankhozo ndi ntchito. Amene sakufuna ntchitoyo adzapeza kuti zithunzi zake za pa kamera n'zoipa kuposa za pa foni, kenako kamerayo idzagona m'kabati.

Chilichonse chimene mungasankhe, chitani zimene Chisuse anachita. Chithunzi chofunika chisungeni malo awiri, potumiza pa WhatsApp chitumizeni ngati document kuti chisafinyidwe, ndipo chaka chilichonse sankhani zithunzi 20 kapena 30 mukasindikize, kumbuyo kwake mulembe mayina ndi chaka.

Nanga inu, chithunzi chakale kwambiri cha m'banja mwanu ndi cha chaka chanji, ndipo anajambula ndani? Tiuzeni m'munsimu. Tikumanenso sabata yamawa.